Mmene Anamangira Cholendewera ku Bwererani

Dziko la Bwererani musavutike kulifuna pamapu, chifukwa ojambula mapu anatopa nafe. Akabwera chaka chino amapeza malire tawasunthira uku, akabwera chaka chamawa amapeza tawabwezera pomwe anali. Ndife anthu osakhalitsa pa ganizo limodzi, komanso osapita nalo patali. Likulu lathu ndi mzinda wa Pomwepano, ndipo pakati pa nyumba yachifumu ndi msika wa Tembenuzani pali nsanja yanjerwa yokhala ndi wotchi yaikulu imene makolo athu anagula kwa amalonda oyendayenda. Lamulo lathu loyamba limati nthawi ya boma ndi yokhayo imene wotchi imeneyi ikunena. Dzuwa limaloledwa kutuluka ndi kulowa, koma umboni wake sulandiridwa kukhoti.

Wosamala wotchiyo anali Yotamu Chakhaza, mwamuna wamfupi, wadazi, wa zala zonunkha oilo nthawi zonse. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ankakwera nsanjayo m'mawa uliwonse kukapukuta fumbi ndi kuthamangitsa mileme, ndipo Lolemba lililonse ankapukusa chogwirira chokweza zitsulo zolemera zimene zimayendetsa makinawo. Koma mtima wake unali pa chinthu chimodzi: ndodo yachitsulo yaitali kuposa munthu, yokhala ndi mbale yamkuwa kumunsi, imene inkapita uku ndi uku ngati mwana pakatungwe. Ophunzira amati pendulamu. Ife timangoti cholendewera. Wotchi ikamathamanga, Yotamu ankamasula nati n'kutsitsa mbaleyo pang'ono, ikamachedwa, ankaikweza. Ntchito ankaidziwa ndithu, ndipo chimene chinkamudya mumtima n'chakuti m'zaka zonsezo panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anamufunsapo kanthu. Ankalakalaka tsiku limodzi lokha loti aime pamaso pa nduna, iye akulankhula, izo zikugwedeza mitu.

Mkazi wake, Nachisale, ankagulitsa nyemba mumsika wa Tembenuzani, ndipo kuti mumvetse zimene zinamugwera muyenera kudziwa mmene malonda amayendera kwathu. Mfumu yathu, Mvazonse Wachitatu, ndi munthu wabwino mtima amene amagwirizana ndi aliyense wolankhula pomalizira. Nduna ina ikanena kuti amalonda akubera anthu, Mfumu imalamula kuti mabenchi onse a mumsika akhale nthambi za Sitolo ya Mfumu, katundu azichokera kunyumba yachifumu. Pakapita miyezi, nyemba zikasowa, sopo n'kumagulitsidwa kuseri kwa chimbudzi, nduna ina imanena kuti boma silidziwa geni, ndipo Mfumu imalamula kuti aliyense adziyendetsere bizinesi yake. Mitengo ikakwera mpaka kugunda denga, timabwerera koyamba kuja, ndi magule, ndi nsalu yatsopano yosindikizapo nkhope ya Mfumu. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ife tinaphunzira kuvumbwa mwaulemu. Wamalonda aliyense ali ndi chikwangwani cholembedwa mbali zonse ziwiri. Cha Nachisale mbali ina chinkati "Sitolo ya Mfumu, Nthambi 214", mbali inayo chinkati "Nachisale Nyemba Zabwino", ndipo anali atachitembenuza kakhumi ndi kamodzi popanda kudandaula.

Ulendo wakhumi ndi chiwiri ndiwo unamugwetsa m'mavuto. Sabata imeneyo msika wonse unkadziwa kuti Lachitatu kubwera lamulo lobwezera malonda kwa Mfumu, poti atelala anali atayamba kale kusoka nsalu za magule. Nachisale anali ndi ulendo wa ku chinkhoswe Lachitatulo, choncho anatembenuziratu chikwangwani chake Lachiwiri asanaweruke. Asilikali a msika anamugwira pomwepo. Mlandu wake unali wotsogolera Mfumu maganizo. Woweruza, amene ankagula nyemba kwa iye yemweyo, anamupatsa chilango chochepa: akhale m'ndende ya Dikirani mpaka wotchi ya pansanja idzalire 12 koloko masana a Lachisanu. Nachisale anangoti masiku atatu si chaka, n'kutumiza uthenga kwa mwamuna wake woti aphimbe bwino matumba.

Lachinayi Bwalo la Nduna linalandira katswiri wa zamalonda, mwana wa konkuno amene anapita kunja kukaphunzira miyezi itatu n'kubwerako ndi chikwama chachikopa komanso chizolowezi choyang'ana kudenga asanayankhe funso. Anauza bwalo kuti amalonda akuluakulu akunja akuopa kubwera ku Bwererani chifukwa dziko lathu likuyenda ngati pendulamu. Nduna zonse zinagwedeza mitu mwachisoni. Mfumu yokha, poti siopa kusekedwa, inafunsa kuti pendulamuyo n'chiyani. Katswiri anayang'ana kudenga nthawi yaitali, koma kudengako kunalibe yankho, ndipo anavomera kuti mawuwo anangowaona m'buku. Apa m'pamene Nduna ya Zamalonda, a Tsatamphepo, anakumbukira kuti pansanja pali kamunthu kena kamene mwina kangadziwe.

Yotamu anafika kubwalo thukuta lili kamukamu, zala atazikwecha ndi mchenga kuti oilo achoke. Walira mvula walira matope. Atangomva chimene Mfumu ikufuna, mawu amene anawasunga zaka makumi atatu ndi chimodzi anatuluka onse nthawi imodzi ngati mbuzi zotsekulidwa m'khola. Anafotokoza za zitsulo zolemera, za mano a mawilo, za nati ija, ndipo ataona nduna zikugwedeza mitu monga ankalotera, anayamba kudzimva.

"Gogo Chalo, anthu amayang'ana mivi ya wotchi n'kumati ndiyo ikulamula. Ayi ndithu, mivi ndi antchito chabe. Mwini zonse ndi cholendewera. Chikapita uku, dziko lonse lapita. Chikabwerera, dziko lonse labwerera. Ngakhale inuyo, Gogo Chalo, mumadya chikanena icho."

Mfumu inayang'ana pawindo kumene kunali nsanja, ndi diso limene munthu amayang'ana nalo mlamu amene wamupeza atakhala pampando wake. Kenako a Tsatamphepo anaimirira. Bambo amenewa anali atatsogolera magule a malamulo onse awiri, kasanu ndi kamodzi mbali iliyonse, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina wina adzafunsa kuti wolakwa ndani. Anati kwa zaka zambiri anthu akhala akunamizira nduna zosalakwa, chonsecho mdani wa chitukuko wakhala akulendewera pamwamba pa mitu yathu, akuphunzitsa dziko khalidwe loipa. Anapempha kuti cholendewera chimangidwe pakatikati, osati kumanja, osati kumanzere, kuti amalonda akunja aone kuti Bwererani wakhazikika. Poti a Tsatamphepo ndiwo analankhula pomalizira, Mfumu inavomera.

Yotamu anayesa kunena kuti cholendewera chikaima, wotchi nayo imaima. Ananenadi, koma nthawi imeneyo n'kuti asilikali awiri akumuveka mkanjo wofiira wa udindo watsopano wa Mkulu Woona za Kukhazikika kwa Dziko, ndipo mutu wake unali mkati mwa nsaluyo. A Tsatamphepo, amene anamva pang'ono, anati zimenezo ndi nkhani zing'onozing'ono zimene komiti idzaziona. Mkanjowo unali wofewa, wa mabatani onyezimira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umenewu Yotamu sanaukumbukire, ndipo kunena zoona nanenso sindikanaukumbukira nditavala mkanjo wotero.

Za mkazi wake anazikumbukira ndithu, tisamunamizire. Mwambo womanga cholendewera anauika 11 koloko m'mawa wa Lachisanu, ndipo Yotamu anaganiza monga mwana aliyense wa ku Bwererani akanaganizira. Mwambo wa 11 koloko kwathu umayamba cha m'ma 2. Pamabwera pemphero, kwaya ziwiri, wolandira alendo, wothokoza wolandira alendo, nduna zisanu ndi zitatu, kenako Mfumu, imene sinalankhulepo kochepera maola atatu. Madzulo a Lachinayilo anapita ku Dikirani atavala mkanjo wake, n'kutsimikizira Nachisale kuti pamene chingwe chizidzakhudza cholendewera, iye adzakhala ali kunyumba atasamba kale, akusankha nyemba.

Chimene sanachiganizire ndi nsapato. Mfumu inali itagula nsapato zatsopano za mwambowo, zosongoka kutsogolo, zochepa ndi nambala imodzi. Inafika pansanja 11 koloko yeniyeni, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire ufumu wathu, moti kwaya imodzi inali ikadali kusita mayunifolomu. Wansembe atangoti tiyeni tipemphere, Mfumu inati ameni. Nduna zinapatsidwa mphindi zitatuzitatu, zina n'kukhala pansi zisanamalize kutchula maudindo awo. Mfumu inalankhula itaima ndi mwendo umodzi, n'kumaliza isanafike n'komwe pa mbiri ya agogo ake. Pamene Yotamu ankalandira chingwe cha khonje kuchokera m'manja mwa a Tsatamphepo, anakweza maso n'kuona kuti 12 koloko sinakwane.

Akanatha kugwada n'kupempha kuti Gogo Chalo adikire pang'ono. Koma ng'oma zinali zikulira, amayi a magule akuimba nyimbo yotchula dzina lake, dzina limene silinaimbidwepo ngakhale pa ukwati wake, ndipo anachita manyazi kuti Mkulu Woona za Kukhazikika ayambe ntchito ndi kupempha zochedwetsa. Anaganiza zokwera pang'onopang'ono, koma pambuyo pake panali msilikali amene ankamuponda zidendene. Makwerero anatha msanga kuposa masiku onse. Anagwira mbale yamkuwa ija ndi manja awiri, monga mmene umagwirira nkhuku yoti uiphe, n'kuimangirira ku mtanda wa nsanja. Mivi inaima kutatsala mphindi khumi kuti 12 koloko ikwane, tsiku Lachisanu.

Poyamba ife tinasangalala, ndipo sindibisa. Ndani angadane ndi Lachisanu losatha? Ogulitsa mowa anapha nkhuku. Ogwira ntchito m'maofesi a boma anapeza kuti dziko laima pa nthawi imene iwo amaikonda kuposa zonse, pamene mafayilo atsekedwa kale, jekete lili paphewa, ndipo aliyense wobwera ndi vuto amauzidwa kuti abwere Lolemba. Chovuta chinali chimodzi: nkhomaliro ya boma imayamba belu la 12 koloko likalira, choncho ankadya mobisa pansi pa matebulo, chakudya chopanda ulemu. Komiti ya Kukhazikika nayo sinagone. Inadula akatungwe onse a m'masukulu, inaletsa ndolo zolendewera, ndipo inatumiza anthu atatu kumidzi kukafufuza ngati michira ya ng'ombe ilibe mlandu. A Tsatamphepo analengeza pa wailesi kuti chimangireni cholendewera palibe bizinesi imene yagwa, palibe mtengo umene wakwera, ndipo palibe munthu amene wakalamba. Amalonda akunja sanabwere, koma nduna inati n'zomveka, poti anaitanidwa kuti afike Loweruka.

Mumsika zinthu zinayamba kuuma. Katundu wa nthambi za Sitolo ya Mfumu amagawidwa Lolemba, ndipo Lolembalo silinkafika. Mayi wina wogulitsa tomato anauza asilikali kuti amange tomato wake chifukwa ndi wosamvera boma, wawola yense mkati mwa mphindi imodzi. Wometa tsitsi anati ndevu za anthu ake zikumera mwachinyengo. Anankafumbwe nawo, amene sadziwa kuwerenga malamulo, analowa m'matumba a Nachisale n'kuyamba ntchito yawo. Tinkaseka zonsezi, monga timasekera chilichonse, kenako n'kukhala pansi.

Yotamu yekha sankaseka. Anathamangira ku Dikirani mwambo utangotha, ndipo woyang'anira ndende, Sajeni Mlauzi, munthu waulemu wake, anatulutsa chikalata cha khoti n'kumuwerengera chala chili pamzere: atuluke wotchi ikalira 12 koloko. Yalira? Sinalire. Dzuwa litalowa ndi kutuluka kanayi Yotamu anabwereranso, ndipo Sajeni anamuyang'ana modabwa kwenikweni.

"Koma aChakhaza, mtima wanuwo ndi wotani? Kwatsala mphindi teni zokha. Munthu wamkulu ngati inu kulephera kudikira mphindi teni?"

Anapita kwa woweruza uja, amene anati akumvetsa ndipo nyemba za Nachisale wazisowa, koma apilo imamvedwa Lachiwiri. Anapita kwa a Tsatamphepo, amene anamulandira ndi manja awiri ngati mnzawo wa mkanjo, n'kumuuza kuti alembe kalata, idzayankhidwa Lolemba m'mawa kwambiri. Pomaliza anavula mkanjo n'kuyenda mumsika, benchi ndi benchi, kupempha anzake a Nachisale kuti apite naye kunyumba yachifumu akadandaule pamodzi. Onse anamumvera chisoni. Wina anamupatsa nthochi. Koma yankho linali limodzi, limene tonsefe tinayamwira kubere: musadandaule, zibwerera zokha, kuno n'ku Bwererani. Mkulu wina wogulitsa makasu anawonjezera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo sankanama, poti m'maso mwawo lamulo lililonse loipa limene linatigwerapo linachoka lokha ife titangokhala, n'kudzabweranso lokha ife tili chikhalire.

Dzuwa litatuluka kachisanu ndi chinayi, likadali Lachisanu lomwe lija, anamulola kuona mkazi wake pawaya. Anamutengera mbatata zimene anaphika yekha, zopserera pansi, zaziwisi pamwamba. Nachisale anabwera akuyenda mogwira khoma. Simenti ya m'ndende inali itamutupitsa miyendo mpaka akakolo osaoneka, ndipo ankatsokomola chifuwa chimene sanalowe nacho. Yotamu atamuona mtima unamupweteka kuposa tsiku limene anaika bambo ake m'manda, chifukwa pa imfa ija iye analibe mlandu.

Nachisale sanakalipe. Anafunsa za matumba, anafunsa ngati nkhuku zikutsekeredwa, n'kudya mbatata imodzi posankha pakati pomwe panapsa bwino. Kenako anafunsa kuti mkanjo uja uli kuti, ndipo Yotamu anati wausiya kunyumba.

"Mukanavala. Ndimafuna ndiuonenso bwinobwino, ndidziwe chimene ndikugonera pasimenti."

Yotamu anayang'ana pansi. Pofuna kumulimbitsa mtima, pakamwa pake panatuluka mawu omwe aja a mumsika, akuti asadandaule, zibwerera zokha. Nachisale anatsokomola, n'kumuyang'ana m'maso.

"Zimenezo anene ena, aChakhaza. Inu mwakwera nsanja ija zaka zonsezi. Mukandiuza lero kuti chinthu chija chimayenda chokha, ndiye kuti m'mawa monse muja munkapita kwa mkazi wina."

Yotamu anabwerera kunyumba mawu amenewa akumuyabwa m'makutu. M'dziko lonse la Bwererani iye yekha ndiye ankadziwa bwino kuti cholendewera chimayenda chifukwa wina amapukusa zitsulo, ndi kuti chikaima sichidzuka mpaka dzanja la munthu lichikankhe. Ankadziwanso kuti lamulo latsopano linkati wokhudza chingwe chija adzaimbidwa mlandu wogwedeza ufumu. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali oyenera, poti anali munthu woti sanayankhepo ngakhale wokwera njinga amene wamuwaza matope. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

M'mawa mwake, msika utadzaza, anavala mkanjo wake n'kupita kunsanja. Msilikali wolondera pakhomo ataona mabatani anamenya sawasha n'kumutsekulira. Yotamu anakwera, anapeza mileme itabwerera yonse, n'kumasula chingwe. Apa ndiyenera kunena chinthu chochititsa manyazi. Atamasula, anabwerera m'mbuyo, n'kupinda manja, n'kudikira. Munthu wodziwa makina onsewo, amene dzulo lake lomwelo mkazi wake anamuchititsa manyazi pa nkhani yomweyi, anaima pamenepo kwa kanthawi ndithu akuyembekeza kuti mwina chiyamba chokha, kuti pa mlandu adzanene kuti iye sanachikhudze. Magazi a ku Bwererani si masewera. Cholendewera chinangoti duu, fumbi la masiku khumi lili pambale. Yotamu anadziseka yekha, n'kulavulira m'manja, n'kuchikankha.

Msilikali uja atamva kugunda kwa makina anakwera mothamanga, koma atafika anakumbukira kuti munthu wa mkanjo samangidwa popanda chikalata. Anatsika n'kuthamangira ku ofesi ya zikalata. Kalaliki anayamba kumuuza kuti abwere Lolemba, koma mawuwo asanathe anasuzumira pawindo n'kuona muvi wautali ukusuntha. Nkhomaliro imene anaidikira masiku khumi inali ikubwera. Nkhani inafalikira m'makonde onse a boma, ndipo msilikaliyo anathamanga ofesi ndi ofesi akupeza aliyense ali chiimire pakhomo, kiyi ali kale pachitseko, maso ali kunsanja. Panalibe munthu amene akanasaina pepala panthawi ngati imeneyo. Pamwamba paja Yotamu anakhala pa bokosi la zida akumvetsera kugunda kulikonse, ndipo mphindi khumi zimenezo zinamutalikira kuposa masiku khumi aja. Kenako belu linalira, kakhumi ndi kawiri, mileme n'kubalalika.

Mumsika munamveka nthungululu. Yotamu anasuzumira pakabowo ka khoma, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba, ndipo ndikhulupirira kuti ankayembekeza kuti wina akweza maso. Anamva mkulu wa makasu uja akuuza anthu mokweza kuti taonani, si tinanena ife kuti zibwerera zokha, kudekha kumapindulitsa. Anthu anavomereza, n'kugwirana chanza poyamikirana chifukwa cha kupirira kwawo. Panalibe amene anayang'ana kumwamba, ndipo ine amene ndikukuuzani nkhaniyi ndinali m'gulu la ogwirana chanzawo.

Boma lonse linapita kukadya, ndipo nkhomaliro ya masiku khumi sidyedwa ola limodzi. Sajeni Mlauzi naye anati belu walimva ndithu, mayiyo atuluka, koma iye akabwerako kokadya. Oyamba kumaliza anali a Tsatamphepo. Anatumiza asilikali ndi chikalata chosainidwa bwinobwino, amene anatsitsa Yotamu n'kumanganso cholendewera ndi chingwe chomwe chija. Mivi inaima kutatsala mphindi khumi kuti 3 koloko ikwane.

Mlandu unazengedwa masana omwewo pamaso pa Mfumu, imene inali itavala patapata. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, Yotamu, amene nthawi yoyamba ija analankhula mpaka nduna kuyasamula, anangonena kuti mkazi wake watupa miyendo, sakutha kuyenda. Mfumu inayang'ana mapazi ake omwe, ndipo nkhope yake inafewa, poti ululu wa miyendo inkaudziwa. Inali pafupi kumukhululukira. Koma a Tsatamphepo anatsokomola n'kuimirira, nanena kuti wogwedeza ufumu akangopita osalawa ndende, mawa aliyense azigwedeza chimene wafuna, ndipo amalonda akunja, amene akufika Loweruka, adzatiseka. Atakhala pansi panalibenso wina wolankhula.

Mfumu inafuna kukondweretsa onse awiri, mtima wake ndi nduna yake. Inasuzumira pawindo, n'kuona mivi, n'kugamula kuti Yotamu alandidwe mkanjo ndipo akhale m'ndende mpaka wotchi idzalire 3 koloko basi. Bwalo lonse linaomba m'manja chifukwa cha chilango chochepetsetsa m'mbiri ya ufumu wathu, ndipo alembi analemba kuti Mvazonse ndi mfumu yachifundo. Kaya Mfumu inkadziwa kuti mivi yaimanso, kaya inaiwala, zimenezo musandifunse ine.

Anakumana pachipata cha Dikirani, wina akulowa, wina akutuluka. Nachisale anali ndi kamtolo kake pamutu, akuyenda mokoka miyendo. Sajeni Mlauzi, atakhuta, anawalola kuti alankhulane pang'ono. Nachisale anapatsa mwamuna wake chiguduli chimene ankagonera, n'kumuuza kuti akasankhe ngodya ya kum'mawa chifukwa ndiyo imafunda, ndi kuti phala la mmenemo asamaliyang'ane akamadya. Atamva chilango chake sanalire. Anatembenuka n'kuyang'ana nsanja, imene inkaonekera pamwamba pa madenga a msika, ndipo anaiyang'ana ngati mmene ankayang'anira thumba la nyemba asanalinyamule.

"Makwerero aja ndi angati?"

"Sikisite folo. Koma ndi miyendo imeneyo, aNachisale? Ndipo pakhomo pali msilikali."

"Msilikaliyo amadya nyemba zanga. Nanga amakankhira mbali iti, kumanja kapena kumanzere?"

Yotamu anafuna kufotokoza zambiri, za mbale yamkuwa, za kuopsa kokankha mwamphamvu kwambiri, koma anali ataphunzira kufupikitsa mawu.

"Kulikonse. Bola mukankhe." Anatsitsa mawu. "Akumangani, mukudziwa?"

"Ndikudziwa. Ndiye mudzakwera inu. Nanga kunyumba kuli ntchito yanji, nyemba zadyedwa kale?"

Sajeni anati nthawi yakwana, kenako anakumbukira kuti mawu amenewo ndi oletsedwa, n'kungotseka chipata mwakachetechete. Nachisale anatsitsa kamtolo kake n'kukasiya kwa mayi wa tomato uja, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba ulendo wodutsa pakati pa msika, phazi limodzi, kupuma, phazi linalo. Tonse tinamuona, ndipo tonse tinadziwa kumene akupita. Tinamupatsa moni, tinamupatsa njira, n'kukhala pansi kudikira belu.